Mpala wopanda maliro

Dzulo ndinaperekeza mwana wanga kukametetsa ku Ndirande. Wometa atamupaka sipiriti m'mutu, fungo lija linandikumbutsa zakale.

Ndinali sitandade 2, amayi akudwala kwambiri, osadzuka pamphasa. Tsitsi langa linasowa wolisamala mpaka linagwira nsabwe. Azakhali, Mulungu awadalitse, anayesetsa. Anandikhazika pakhonde ndi sizasi yobuntha, kudula apa, kusiya apa, mutu n'kukhala ngati munda wolowa mbuzi. Ataona kuti zawakanika, anangotenga lezala n'kundimeta mpala, kenako anathira sipiriti m'mabalamo. Ndinalira chamumtima, kuopa kudzutsa amayi.

M'mawa mwake ndinapita kukatunga madzi pampopi, nditazyolika ndi manyazi. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu atangoona mutu wanga, anatula ndowa yake pansi.

"Mayo ine, mpaka mwameta kale? Pepa mwanawe. Amayi ako atisiya liti, ife osamva?"

Paja kwathu mpala wotere timameta pakagwa maliro. Ndinasiya chigubu pomwepo n'kuliyatsa liwiro, pakamwa pakungotuluka kuti, "Ambuye Yesu, ayi, chonde ayi."

Ndinakankha chitseko. M'nyumba munali kamdima ndi fungo la mankhwala. Amayi anali chigonere, atayang'ana kukhoma. Ndinagwada n'kuyang'anitsitsa bulangete kuti ndione ngati akupuma.

Kenako dzanja lawo lotentha linatuluka, n'kuyamba kundisisita pamutu pang'onopang'ono.

"Wakumeta chonchi ndani, mwana wanga?" anatero motsitsa mawu. "Sendera kuno ndikufunde, ungazizidwe."