Mtsikana wa m'Kompyuta ya Amalume

Amalume anali ndi sipika yakuda yong'ambika pakona, yomwe ankaikoleka ndi waya pakhonde la kashopu kawo pa Kamwendo. Mpaka lero ndikamva fungo la fumbi losakanikirana ndi mafuta okazingira tchipisi, ndimaiona sipikayo ikunjenjemera pamsomali. Ntchito yawo inali kutchaja mafoni ndi kuthira nyimbo m'mamemore a anthu. Kompyuta anakaigula ku Chipata, yakale, yolira ngati chigayo chakutali, ndipo anapezamo nyimbo zimene mwini wake woyamba anaiwala kufufuta.

Zinali nyimbo za ku Japan. Woimba wake anali mtsikana wa mawu oonda, okwera, othamanga, ndipo sankakoka mpweya. Unkamvetsera kudikira poti apume, osafikapo, mpaka chifuwa chako iwe kuyamba kubanika. Amalume ankauza aliyense kuti palibe munthu anaimba, ndi pulogalamu chabe: umailembera mawu ndi kaimbidwe kake, iyo n'kuimba. Anyamata a kabaza ankaseka. "Nyimbo yopanda woimba? Amwene, musatinamize dzuwa likuswa mtengo." Ndinadzamva nditakula kuti nyimbozo zinali zoyambirira za mtundu umenewo, ndipo kwawoko amazinyadira mpaka pano. Ife zinkatiopsa, koma sitinkachoka.

Amene ankazikonda koposa anali mkulu wanga, mtsikana wa m'kwaya ya ku Ludzi. Tikapita kumsika ankaima pansi pa sipika n'kumapikisana ndi mtsikana wa m'kompyutayo, kutsatira mawu amene sankawamva n'komwe, mpaka mpweya kumuthera, n'kugwa nalo phwete. Analinso ndi kanyimbo kopeka yekha kamene ankaimba potsuka mbale, konena za njiwa yoiwala kwawo. Kanali kachibwana, koma kunyumba tonse tinkakadziwa.

Anamwalira mvula ikutha, ndi malungo, atangodwala masiku ochepa. Amayi sanalire pamaliro. Anangokhala pamphasa, maso ali gwa, azimayi a mpingo akunong'onezana kuti misozi yosatuluka imadya mwini wake.

Kenako fodya anagulidwa, matenanti a m'maesiteti anagula mafoni, ndipo pakhonde la amalume panayamba kudzaza. Anafolera kashopu ndi malata atsopano. M'miyezi yomweyo anaipeza pulogalamu ija, nayamba kumangokhala chowerama pakompyuta, kulemba liwu limodzilimodzi. Tsiku lina la msika, chilimwe chitalowa, sipika inaimba kanyimbo ka njiwa, m'Chichewa chathu.

Amalume anali munthu wabwino, koma woganiza pafupi. Iwo ankafuna kumukumbukira mwana wa mlongo wawo m'njira yokhayo imene manja awo ankaidziwa. Anaiwala kuti kwathu aliyense amadziwa zoti munthu wofuna kukhwima satenga mwana wake, amatenga wa mlongo wake. Mtsikana wafa mwadzidzidzi, malume wake wagula malata, ndipo tsopano m'shopu mwake mukumveka mawu a mtsikana wosapuma, akuimba nyimbo ya malemu. Sabata lisanathe nkhani inali itafika ku Kapondo: m'manda tinaikamo thunthu la nthochi, mkulu wanga ali moyo, amalume anamusandutsa ndondocha n'kumutsekera m'kompyuta kuti aziwaitanira makasitomala.

Anthu anasiya kuwapatsa moni. Amene anali ndi mafoni pa tchaja anabwera kudzawatenga asanadzaze. M'mawa wina amalume anapeza tayala lakale litatsamiritsidwa pachitseko, ndipo palibe amene anafunika kufotokozeredwa tanthauzo lake. Kusukulu anzanga ankandisiyira benchi yonse ndekha. Aphunzitsi anayesa kutiuza kuti makina angathe kutsanzira mawu a munthu, koma anawo ankangoyang'anana, chifukwa makolo awo anali atanena kale kuti aphunzitsiwo amatchajitsa foni ulere kumeneko.

Chimene chinkandisokoneza anali amayi. Tsiku lililonse la msika ankandigwira dzanja, n'kuyenda nane mpaka pa Kamwendo, opanda choti akagule. Tinkaima tsidya lina la msewu, pafupi ndi pokwerera njinga. Amalume akatiwona ankaika kanyimbo kaja, poganiza kuti akutonthoza mlongo wawo. Amayi ankatsinzina, dzanja lawo n'kufinya langa mpaka zala kuchita dzanzi. Nyimbo ikatha tinkabwerera osalowa m'shopu, osapereka ngakhale moni. Anthu ankati mayi wa mwana akumvetsera kuti atsimikize ngati ndi iyeyo. Inenso ndinkaganiza choncho, ndipo ndinkaopa tsiku limene adzatsimikize.

Tsikulo linafika mphepo yotentha ikuulutsa majumbo mumsika. Titafika tinapeza khamu litazungulira kashopu, ndipo panali zii, bata losakhala bwino pa tsiku la msika. Bambo wina ananyamula chigubu, fungo la petulo likumveka patali. Tayala lija linali litabwereranso. Anthu atationa anatipatukira njira, wina n'kunena mawu amene sindinawaiwale: "Mayi wa mwana alowe akamve. Akati ndi iyeyo, tiyatsa."

Ndinalowa nditagwira chitenje cha amayi. M'katimo munali motentha, monunkha mawaya opsa. Amalume anali atakhala pampando wawo, malaya atanyowa ndi thukuta. Sanachonderere. Anangotembenuza kompyuta kuti amayi aone timizere ta nyimboyo tokwera ndi totsika, n'kunena kuti, "Alongo, onani." Anafufuta mawu a njiwa n'kulembapo ena. Kenako panja sipika inaimba, mawu omwe aja, kaimbidwe komwe kaja: tomato wakupsa, anyezi wotchipa, bwerani mugule.

Wina kunja anaseka. Anatsatira ena. Amalume anaiimbitsanso za kabaza wophulika tayala, khamu lonse n'kufa nalo phwete, ngakhale wa chigubu yemwe.

Amayi okha sanaseke. Anayang'ana kompyutayo nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Achimwene, ndiye kuti mulibemo?"

"Mulibe, alongo. Simunakhalepo munthu."

Amayi anatuluka, naima pakhonde, n'kunena kuti, "Si mwana wanga." Anthu anabalalika mwamanyazi, ena akuti iwo anangobwera kudzaonerera. Amalume anapulumuka, ndipo shopuyo anakhala nayo zaka zambiri, ngakhale kanyimbo ka njiwa sanakaikenso.

Pobwerera ine ndinali wokondwa zedi. Ndinkadumphadumpha patsogolo, ndikuimba za tomato wakupsa. Titapitirira madimba ndinacheuka, ndipo ndinaona amayi atakhala pansi pakati pa njira, m'fumbi, miyendo atatambasula. Anayamba kulira. Anali maliro enieni, aja otchula dzina, amene anthu anawadikira pa tsiku loika malemu osawamva. Azimayi amene ankathirira ndiwo m'madimba anasiya makheni awo n'kuthamangira, akufunsa kuti wamwalira ndani.

Ine ndinaima patali, nditakwiya pang'ono. Mchimwene wawo sanawotchedwe, mwana wawo sanali kapolo wa munthu, nanga ankalira chiyani? Ndinali wamng'ono kwambiri moti sindikanamvetsa kuti miyezi yonse ija amayi sankapita pa Kamwendo kukafuna umboni. Ankapita kukacheza ndi mwana wawo. Kwa iwo kunali bwino akhale wotsekeredwa, wosapuma, woimbira makasitomala, bola akhalepo. Kuti apulumutse mchimwene wawo anayenera kumuika mwanayo m'manda ndi pakamwa pawo, anthu onse akuseka.