Sikuluu Imene Ndinapotoza Loweruka

Masiku amenewo ndinkakonza magalimoto ku Ndirande, kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango pomwe tinkakoloweka tcheni chokwezera injini. Zipani zambiri zinali zitangololedwa, ndipo Loweruka silinkapita popanda msonkhano penapake. Ine ndale sindinkazitsata kwenikweni, koma mkazi wanga ankafuna nsalu yomwe ankagawa kumeneko, ndipo ndinali nditamulonjeza kuti tipitira limodzi.

Loweruka limenelo, ndikusamba m'manja kuti ndizipita, panafika pikiapu yoyera yakalekale. Eni ake ndinkawadziwa. Anali bambo achikulire a ku Bangwe, amene atapuma ntchito ya njanji anagula galimotoyo kuti azinyamula amayi ogulitsa tomato ndi kabichi kupita nawo ku Limbe. Ankayendetsa okha, atavala jekete ngakhale kutenthe bwanji.

"Mwana wanga, tamvera," anatero osazimitsa injini. "Ikamayenda ilibe vuto. Koma ndikangoima imanjenjemera ngati yagwidwa malungo, ndipo ndikaponda buleki pamphambano imazima."

Ndinatsegula boneti. Injini inkalira mokwera n'kutsika, ngati munthu wa befu. Vuto lotere limafuna kufatsa. Umayamba ndi mapulagi, n'kutsuka kabuleta, kenako umalondola timapaipi tonse kamodzikamodzi khutu lili pafupi, kuti umve pamene mpweya ukulowera mozemba. Mawu awo akuti imazima akaponda buleki anali atandilozera kale poyambira. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma kumsewu lole yonyamula anthu opita kumsonkhano inali ikuliza hutala, ndipo mkazi wanga anali ataima patsidya akundikodola.

Ndinatenga sikuludilaiva n'kupotoza sikuluu ya pa kabuleta, yomwe imakweza kulira kwa injini galimoto ikaima. Kunjenjemera kuja kunabisika m'phokoso.

"Yatheka, bambo," ndinatero.

"Msanga chonchi?"

"Inali sikuluu chabe."

Anaseka, n'kundipatsa makabichi awiri pamwamba pa malipiro.

Lachinayi pikiapu ija inabweranso, koma mokokedwa ndi chingwe, mphuno yake itaphwanyika. Amene anaikoka ndiye anandiuza nkhani. Bambowo ankatsika chitunda kuchokera ku Bangwe, kumbuyo kuli amayi anayi ndi madengu awo. Minibasi inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwawo. Iwo anaponda buleki koma galimoto sinamve, ndiye anaikhotetsera m'ngalande n'kukagunda mpanda wa njerwa. Mayi mmodzi anathyoka mkono. Bambowo anatemeka pamphumi, ndipo ali kuchipatala ananena kuti galimoto ipite kwa mmisiri wawo wa ku Ndirande, osati kwina.

Anthu atabalalika ndinatsegula boneti. Sizinanditengere nthawi. Paipi ya labala yochokera ku injini kupita ku chigubu chakuda chomwe chimafewetsa buleki inali itang'ambika pansi pake. Mng'aluwo unali wakale, m'mbali mwake mutada ndi fumbi, kungoti tsopano unali utatseguka wonse. Mpweya wovutitsa injini unkalowera pamenepo, ndipo paipi yotere ikatheratu buleki imauma ngati mwala. Ndikanangoyendetsa chala pansi pake Loweruka lija, ndikanaupeza.

Ndinaichotsa n'kuikapo ina. Yong'ambikayo ndinaiponya m'mulu wa zitsulo zakutha.

Patapita sabata bambo aja anabwera okha pa minibasi, bandeji ili kumutu. Anakhala pa tayala lakale n'kuyang'ana galimoto yawo nthawi yaitali.

"Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse," anatero. "Mwendo ndiwo unakana. Ana anga akhala akundiuza kuti ndakalamba, ine osamva. Taona tsopano, ndapundula mayi wa eni ake."

Apa m'pamene ndinayenera kulankhula. Paipi ija inali pomwepo, kuseri kwa mapazi awo. Koma ndinaganiza za dzina langa pamsika, ndi za ana awo amene mmodzi mwa iwo ankagwira ntchito kukhoti.

"Zimachitika, bambo," ndinatero.

Galimoto itakonzedwa ana awo anaigulitsa, ndipo iwo sanagwirenso chiwongolero. Ndinamva kuti mwezi uliwonse ankapita kwa mayi wovulala uja ndi thumba la ufa, poti mkonowo sunawongoke bwino ndipo dengu sankathanso kulisenza yekha.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sanasiye kunditumizira makasitomala. Kunkabwera madalaivala ochokera ku Bangwe ndi ku Machinjiri, aliyense n'kunena kuti, "Madala aja akuti inu ndinu mmisiri wosanama." Ndinkawalandira n'kuwagwirira ntchito mosamala kuposa kale.

Kawiri konse ndinakwera minibasi ya ku Bangwe kuti ndikawauze. Ulendo woyamba ndinatsikira ku Limbe n'kubwerera. Wachiwiri ndinafika mpaka pakhomo pawo. Anandilandira ndi tiyi, n'kundionetsa nkhunda zomwe anali atayamba kuweta, ndipo tinacheza za mvula mpaka ndinatsanzika. Anamwalira chaka chotsatira, ndipo ndinamva za maliro awo ataikidwa kale.