Ndime ya ku South Bend ndi Tsitsi Lomangitsa

Chaka chatha anandipatsa ndime ya m'Baibulo yoti ndikawerenge m'Chichewa pa mapemphero a Amalawi ku South Bend. Ndinaikopera m'kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku, kenaka ndinaikoperanso, ngati kuti cholembera chingawongole lilime. Chichewa changa ndi cha amayi, cha ku Mulanje, ndiye chinapindikanso ndi sukulu ya kuno ku Indianapolis. Atsikana ochokera ku Lilongwe anandisekapo kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo ndinkayankha aliyense m'Chingerezi.

Loweruka, mawa lake kuli mapempherowo, amayi anga anandisiya ku dera la Lawrence kwa amayi atatu a ku Nigeria amene amaluka tsitsi m'chipinda chapansi pa nyumba. "Uzipulakitisa uli pampandopo," anatero, n'kuthamangira kuntchito.

Sindinathe. Maso ankangokhala pa wotchi. Awiri mwa amayiwo anali Aigbo, wina wa ku Owerri, wina wa ku Onitsha. Ankayamba nkhani m'Chiigbo, osakhalitsa n'kugwera m'Chingerezi chawo chothamanga chija kuti anyozane bwino.

"Mchemwali, n'Chiigbo chimenecho kapena ukutafuna chimanga?" anatero wa ku Onitsha.

"Bola ine! Iwe umalankhula ngati ukutsatsa nsalu pamsika."

Kasitomala wina wachiyoruba anaseka mpaka kugwetsa chipeso. Akuti nayenso ku Lagos ankamufunsa kuti Chiyoruba chake cha ku Ijebu anachitola kuti.

Amene ankandiluka ine anali ofatsa, a mtundu wa Akanuri a ku Maiduguri. Foni yawo itaitana anayankha m'Chihausa, ndipo anzawowo anayamba kuwayeserera, ati Chihausa chawo chimanunkha Chikanuri. Iwo sanatsitse mawu. Atamaliza, anasuzumira m'kabuku kanga.

"Mwanawe, ukung'ung'udza chiyani?"

Ndinawafotokozera, nditazolika.

"Werenga."

"Koma anti, simumva."

"Ndani wati ndikufuna kumva? Werenga ngati mmene amayi ako amalankhulira akakwiya."

Ndinayamba. Mawu anga akangotsika, iwo ankakoka chingwe cha tsitsi chimene anali nacho m'manja. Osati kwambiri, koma mokwanira kuti mutu udzuke. Anandikoka kasanu. Ulendo womaliza Aigbo aja nawonso anasiya kunyozana n'kumvetsera, ngakhale sankamva liwu ndi limodzi lomwe.

Lamlungu, msewu wonse wa ku South Bend ndinkangotsegula ndi kutseka kabukuko m'galimoto. Pamutu pankawawa, tsitsi anali atamangitsa. Nditaima kutsogolo, pa mzere wachiwiri wa ndimeyo wina kumbuyo anaseka mogwira pakamwa. Mutu unayamba kuwerama wokha. Pomwepo khungu la m'khosi linakokeka, kuwawa kuja kunabwerera, ndipo ndinadzutsa mutu.

Ndinamaliza ndime yonse mokweza, Chimulanje changa chili poyera. Nditakhala pansi, amayi anandiyandikira. Anangondisisita m'mutu, pamalo penipeni powawa paja.