Tsiku limene alendo anadya mpasa za abambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene pakamwa panga panaphetsa mpasa za abambo.

Kwathu ndi kuseri kwa Ntchisi Boma, kumene timitsinje timatsetsereka m'mapiri kukathira mu Bua. Abambo atapuma pa uphunzitsi anakumba maiwe awiri kudimba n'kuyamba kuweta mpasa. Nsomba imeneyi inali itasowa kwathu chifukwa cha katupe, chitsamba chimene anthu amasinja n'kuthira m'madzi, chopha zazikulu ndi ana omwe. Alangizi a nsomba ndiwo anawabweretsera zochepa, kuti zikaswana anawo akaikidwe mumtsinje. Sizinali zodya, sizinali zogulitsa. Anzanga kusukulu ankandiseka kuti kwathu nsomba zimakhuta gaga eni ake tikugonera nkhwani. Zinkandiwawa, ndipo mumtima ndinkagwirizana nawo.

Chaka chimenecho achemwali anga a Esinati anapeza mwamuna wa ku Mtengowanthenga, ndipo akwawo anatumiza uthenga kuti akubwera kudzaonekera. Nkhuku zathu zinali zitatha ndi chitopa. M'mawa wa tsikulo amayi anachonderera abambo kuti avuuleko nsomba, poti alendo otere sapatsidwa masamba okha. Abambo anakana. Anati zazikulu zoti n'kuika m'mbale zinali ziwiri basi, zonse zazikazi, ndipo zinali ndi mazira oyembekeza mvula.

Ine ndinapatsidwa ntchito yosambitsa alendo m'manja. Ndili chigwadire ndi beseni, amalume a mwamunayo, bambo wonenepa wokonda nthabwala, anavundukula mbale n'kupeza nkhwani wotendera. Anaseka, nati iwo anamva zoti pakhomo pano pali mpasa, nsomba imene anailawa komaliza ali mnyamata, koma mwina anthu anangowanamiza. Manyazi anandigwira. Ndinafuna alendowo adziwe kuti ife si amphawi ayi.

"Zilimo m'maiwe zikuluzikulu, koma abambo amatimana," ndinatero.

Amayi anagwetsa nkhope. Mbiri yomana alendo odzafunsira mbeta imayenda patali, ndipo abambo ankadziwa kuti woisenza moyo wake wonse adzakhala a Esinati. Abambo anadzuka, natenga ukonde kuseri kwa chitseko, n'kundikodola kuti ndiwatsate ndi beseni lomwelo.

Kudimba analowa m'madzi ndi thalauza lawo la kutchalitchi. Anavuula ziwiri zija, zonyezimira, zikuphiriphitha, n'kundipatsa mpeni kuti nditumbule ndekha. Nditang'amba mimba ya yoyamba, mazira achikasu, oterera, anadzaza manja anga onse awiri mpaka ena kugwera m'matope. Ndinayamba kulira. Ndinkalakalaka atangothyola kamtengo n'kundikwapula, koma iwo ankangofinya miyendo ya thalauza.

"Amenewa akanafika mpaka ku Bua," anatero motsitsa mawu. "Kawapatse amako akazinge, alendo akudikira."

Alendo anadya n'kunyambita zala, amalume aja akuyamikira kuti mwana wawo wapeza banja la anthu opatsa. Abambo anadyera nkhwani, akuti m'mimba simunali bwino. Ukwati unatheka ndithu, ndipo a Esinati ali pabanja mpaka lero.

Mvula itagwa, m'maiwe simunaoneke kamwana ka nsomba ndi kamodzi komwe. Alangizi atabwera, ndinabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumva abambo akuwauza kuti anapha okha nsombazo chifukwa cha alendo. Dzina langa sanalitchule. Nsomba zotsalazo alangiziwo anazinyamula m'zidebe kukapatsa mlimi wina wa ku Nachisaka, ndipo m'maiwe athu abambo anabzalamo nzimbe.

Nkhaniyi sanaikumbutsepo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo kukhala chete kwawoko n'kumene kumandichititsa manyazi kuposa chibalo chilichonse. Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu wokana kudya chimene ali nacho ndi woumira. Pano ndazindikira kuti abambo sankatimana, ankasungira anthu amene anali asanabadwe. Ana anga ndi ena mwa anthu amenewo, ndipo mpasa amangoiona pachithunzi m'buku la kusukulu.