Tsiku Limene Andrea Anakana Kupita

Ignasio wa pa Bangula ndi munthu woti mpando sudziwana naye. Tiyi amamwera choimirira, ndipo inu mukamafotokoza vuto la galimoto yanu, iye amakhala atatsegula kale boneti. Zaka makumi awiri zatha akukonza makabuleta pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa msika. Petulo wa m'zigubu, uja amagulitsa m'mbali mwa msewu, amamuyesa ndi lilime. Akayamwa payipi n'kulavula, amakuuzani ngati muli madzi kapena mchenga. Anzake amamuseka kuti pakamwa pakepo osayandikira ndi machesi.

Chimene chinamukanika kukonza ndi chibale chake ndi mkulu wake Andrea. Anayambana chifukwa cha malire a dimba la malemu bambo awo, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa osapatsana ngakhale moni. Mkazi wake akangoiyamba nkhaniyi, Ignasio ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ku Ngabu kuli galimoto yomudikira.

Andrea anamwalirira kuchipatala mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha mpaka phula kufewa. Ignasio sanagwetse msozi. Anangobwera ndi pikapu yake yakale kuti anyamule bokosi kupita kumudzi kwa Malemia, kumene adzukulu anali atakumba kale manda.

Atangokhotera msewu wafumbi, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Amayi amene ankaimba kumbuyo anadula nyimbo pakati. Azakhali ake a Ignasio, a Evelesi, amene sapsatira mawu, ananena poyera kuti maliro akana, ndipo aliyense akudziwa amene akumukanira.

Ignasio anapsa mtima. Anati wakufa alibe chochita ndi kabuleta. Atagwira pampu ya petulo inamuwotcha zala, ndiye anaikulunga ndi nsanza yonyowa. Anamasula kabuleta, napeza kamchenga katatseka kabowo kodutsa mafuta, n'kukauzira ndi pakamwa monga amachitira tsiku lililonse. Koma kasikuluwu kanamupulumuka n'kugwera m'fumbi kawiri konse. Dzuwa linali pamutu, ndipo m'kutentha kwa kuno mtembo sudikira munthu.

Atamanga zonse, ankadziwa bwino kuti akangopotoza kiyi galimoto iyaka. Analowa, nagwira kiyiyo, osapotoza. Anatulukanso, nayamba kuzungulira pikapu, kumenya ndi phazi matayala opanda vuto lililonse.

"Longa naye mbale wako, mwanawe," anatero azakhali aja, tsopano ndi mawu apansi, pomuuza kuti alankhule ndi malemuwo.

Anakwera kumbuyo, amayi namupatsa malo. Anagwada n'kuika manja ake akuda ndi girisi pa thabwa la bokosi.

"Akulu, ndine Ignasio. Mizere ija ya kudimba inali yanu, ndinkadziwa kuyambira kale. Ndapota nanu, tiyeni kumudzi."

Apo ndi pamene analira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa, ndipo zinali zomvetsa chisoni kumuona munthu wosakhazikika uja atagwada malo amodzi nthawi yaitali choncho. Atapukuta nkhope anatsika, napotoza kiyi kamodzi, injini n'kuyaka. Andrea anaikidwa dzuwa lisanapendeke.

Kwa Malemia amaikambabe nkhaniyi, kuti maliro anavomera atapepesedwa. Ignasio, amene pa nkhani ya injini amatha kukangana ndi munthu mpaka mawu kusasa, akaimva amangowerama n'kupitiriza kutsuka kabuleta m'kachitini kake. Za kamchenga kaja sanauzepo munthu.