Minibasi ya Penshoni Yathu

Ndinaphunzitsa zaka zambiri pa sukulu ina ya mishoni kumtunda kwa Bembeke. Aphunzitsife tinali ndi thumba lathu: mwezi uliwonse tinkatapako pa malipiro kuti tikadzapuma ntchito tisadzavutike. Osunga thumbalo tinasankha achiwiri kwa ahedi, bambo ovala tayi ngakhale tsiku lopalira m'munda wa sukulu. Ndivomere, tinasankha tayiyo.

Malamulo athu, amene loya wina wa ku boma anatithandiza kulemba, ankanena mosabisa: wosunga ndalama za anzake azisamale ngati zake, asaziike malo amodzi, asachite nazo malonda ndi abale ake. Bambowa ankawawerenga pa msonkhano uliwonse, mawu ngati a wansembe pa guwa.

Chaka china ndinaona mlamu wawo, wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, akuyendetsa minibasi. Pa msonkhano ndinaimirira.

"Bambo, ndalama zathu zili kuti?"

"Zikugwira ntchito, mayi," anatero akumwetulira. "Ku banki ndalama zimangogona."

"Munafunsa ndani?"

"Ndinayamba ndapemphera."

Anzanga anaomba m'manja. Ndinakhala pansi ngati wakuba ndine.

Minibasiyo inayenda miyezi yochepa, yopanda inshuwalansi. Tsiku lina mabuleki anakana potsetsereka ku Linthipe, nikagwera m'dimba la kabichi la eni ake. Mwamwayi palibe anafa. Mlamu uja anawolokera ku Mozambique, mpaka lero.

Apa m'pamene zinadziwika kuti thumba lathu linathera pa minibasiyo. Amene tinakasuma ku khoti tinali atatu okha. Ena onse anati si bwino kusumira Mkhristu mnzako. Woweruza, mayi wachitsikana, anafunsa bambowa ngati anaikamo ndalama zawozawo.

"Ayi," anayankha, nkhope ili gwa. "Zanga zili ku banki. Malonda a minibasi ndi osadalirika."

M'khoti monse munali phwete. Analamulidwa kubweza. Anagulitsa ng'ombe zawo, koma aliyense wa ife anangolandira zogulira matumba awiri a feteleza.

Mayi amene ankaphunzitsa sitandade wani, amene anasonkha zaka zambiri kutiposa tonse, lero amagulitsa zitumbuwa pa geti la sukulu yomweyo, kwa ana a ana amene anawaphunzitsa kugwira pensulo. Bambo aja anapuma ntchito ndi phwando, ndipo chaka chatha mpingo unawapatsa udindo wosunga chuma chomangira tchalitchi. Tikakumana Lamulungu amandipatsa moni wa manja awiri n'kumandifunsa za maondo anga.