Mpando wa thumba la mchenga

Ku Senga Bay konse kunalibe munthu wondikaniza chinthu mpaka mapeto. Ndinkagulitsa ziboliboli pageti la loji ina, ndipo ntchitoyo inandiphunzitsa kuti "ayi" ndi mtengo woyambira chabe.

Chaka china kunabwera oyendetsa tindege tating'ono, tija tooneka ngati njinga yamoto yolendewera pa tenti. Sanali ongoyamba kumene. Anadzaphunzira zovuta zokhazokha, pabwalo lina lafumbi kuseri kwa minda ya mpunga. Mphunzitsi wawo anali mayi wa ku Lilongwe, wosaseka wamba. Anakonda mvuu yanga yosema ndi mtengo wa m'bawa. Ndinati ndalama sindikufuna, angondikweza.

"Lero ayi, bambo. Lero ndikuonetsa ophunzira katsikidwe injini itazima. Pampando wakumbuyo ndimangapo thumba la mchenga."

Ndinaseka chamumtima. Nanenso ndikafuna kukweza mtengo ndimati katunduyu wagulidwa kale.

"Amayi, thumba lingakupatseni mvuu?"

"Thumba silikuwa."

"Nanenso sindikuwa. Ndaonjezerapo kang'ona aka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kunyanja. Mwera unali utayamba, asodzi akukokera mabwato kumtunda. Titafika kubwalo kuja, mlonda wa pamenepo, mkulu wina wovala mkanjo, anandigwira mkono n'kundifunsa ngati kunyumba akudziwa kumene ndili. Ndinati akamva madzulo. Anangoti "Inshallah," maso ali pansi.

Anandimanga malamba pomwe pakanakhala thumba paja, n'kundiveka chipewa chokhala ndi zomvera m'makutu. Tinanyamuka. Njanji ya ku Chipoka inasanduka ulusi. Kutali pamadzi, tizilombo ta nkhungu tinali titaima mulu wakuda ngati utsi wa nyumba yoyaka.

Kenako phokoso linatha.

Chete wotero sindinamumvepo. Mphepo yokha inkalira m'mawaya. Pansi panali madzi otuwa, mafunde akuchita thovu, bwalo lija likuoneka ngati kansanza.

"Amayi, yatsani. Mvuu ziwiri."

"Khalani bata, ndikumvetsera mphepo."

"Benchi yonse ya ziboliboli! Ndi mipando yosema yomwe!"

"Mukapitiriza kundikoka phewa tikathera m'madzi."

Ndinamusiya, n'kugwira chitsulo. Mwera unkatikankhira m'mbuyo, bwalo osayandikira, pamene mlambe wa kumapeto kwake unkakula. Ndinaona bwinobwino zipatso zake zikulendewera, ndi khwangwala akuthawa panthambi. Mayiyo anakoka chiwongolero, mphuno ya kandege inaloza pansi. Ndinakuwa. Sindibisa, ndinaitana amayi anga amene anamwalira kalekale.

Matayala anagunda dothi m'mphepete penipeni mwa bwalo, fumbi kobo. Ophunzira anathamangira, koma palibe anaomba m'manja. Ine malamba anachita kundimasula mlonda.

Mayi uja anavula chipewa, n'kundiloza ngati chithunzi cha pabolodi.

"Mwaona? Tsiku lomwe injini idzakuzimireni zenizeni, kumbuyo kwanu kudzakhala munthu ngati uyu. Adzakukokani, adzakulonjezani chuma. Ndinamulola dala kuti muone."

Mvuu anatenga, kang'ona anandibwezera.

Kukwera ndinakweradi, ndipo pageti palibe mnzanga wina anaiona nyanja kuchokera kumwamba. Koma mpaka lero, minibasi yochokera ku Lilongwe ikazimitsa injini pamtsetse kuti isunge mafuta, ndimapezeka nditakakamira phewa la munthu wosamudziwa. Ndiye inu mukamaona, pamalonda amenewa anapambana ndani?